Mbale Zakale za ku Japan: Cidindo ca Pansi Sicinena Zonse

Mwini nyumba akamwalira ndipo abale ayamba kuwerenga katundu, nthawi zina m'kabati ya m'cipinda cocezera mumapezeka mbale zimene palibe anadyerapo. Ndi mbale zoyera, zojambulidwa maluwa, mbalame kapena akazi onyamula maambulera, ndipo kunsi kwake kuli zilembo zimene palibe m'banjamo angathe kuwerenga. Pamenepo pamabuka maganizo awiri. Ena amati ndi mbale cabe, zipite kukhichini. Ena amati ndi cuma ca ku Japan cimene cingagule nyumba. Onsewa akhoza kulakwa. Oyamba angaswe kapena kupereka ulere cinthu ca zaka 300, pamene aciwiri angadane ndi abale ao cifukwa ca mbale imene inatuluka m'fakitale pamodzi ndi zinzake zikwi zambiri.

Anthu ambiri akatembenuza mbale amathamangira ku cidindo, poganiza kuti cikawerengedwa nkhani yatha. Koma odziwa za mbale zakale amayamba ndi zina. Amaona dothi, utoto, kajambulidwe ndi mkombero wa pansi umene mbale imakhalira, ndipo cidindo amaciwerenga pomalizira. Cifukwa cake ciri m'mbiri ya mbalezi.

Kumene mbalezi zinayambira

Mbale zimene zikukambidwa pano ndi zija zimene pa Cizungu amazicha porcelain. Zimaumbidwa ndi mwala woyera wosinjidwa, kenaka zimaochedwa m'ng'anjo yotentha madigiri pafupifupi 1,300 kufikira dothi lilimba ngati galasi. Mbale yotere simwa madzi, imalira bwino ikagogodedwa, ndipo ngati iri yopyapyala imalola kuwala kudutsa munthu akaiyang'anitsa kudzuwa.

Dziko la China linadziwa luso limeneli zaka mazana ambiri Japan asanalidziwe. Ku Japan linafika ndi amisiri a ku Korea amene anatengedwa pa nkhondo za Toyotomi Hideyoshi za pakati pa 1592 ndi 1598. Mbiri ya kumeneko imati mmodzi wa iwo, Yi Sam-pyeong, anapeza mwala woyenera pa phiri la Izumiyama ku Arita, pa cisumbu ca Kyushu, mu 1616. Motero palibe mbale ya porcelain ya ku Japan imene ingakhale ya m'zaka za m'ma 1500, ngakhale wogulitsa atalumbira motani.

Mbale za ku Arita zinali kunyamulidwa pa doko la pafupi lochedwa Imari, ndipo ogula anazicha dzina la dokolo. Mwai waukulu unabwera pamene ufumu wa Ming unagwa ku China mu 1644 ndipo nkhondo zinasokoneza ng'anjo za ku Jingdezhen. Kampani ya amalonda a ku Holland yodziwika ndi zilembo za VOC, imene inali pa kacisumbu ka Dejima ku Nagasaki kuyambira mu 1641, inatembenukira ku Arita. Mu 1659 inaitanitsa ziwiya zoposa 50,000. Zombo zake zinali kuima ku Cape, kumene kampaniyi inakhazikitsa malo opumulira mu 1652, ndipo mbale za ku Arita zolembedwa VOC pakati zikuoneka mpaka lero m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ku Cape Town. Mbale zimenezi zimafunidwa kwambiri, n'cifukwa cake zabodza zake ziri zambiri.

China atabwerera pa msika ndi mitengo yotsika, malonda a Arita ku Ulaya anacepa, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1700 anali atazirala. Ng'anjo zinapitiriza kuumba mbale za anthu a ku Japan komweko.

Maina amene amamveka kawirikawiri

Dzina la Imari masiku ano limanena kwenikweni za kakongoletsedwe: buluu woderako, utoto wofiira ngati njerwa, ndi golide, zodzaza mbale yonse, nthawi zambiri ndi mtanga wa maluwa pakati. Vuto ndi lakuti kakongoletsedwe kameneka kanakopedwa ndi aliyense. A ku China anayamba kupanga Imari yao kuciyambi kwa zaka za m'ma 1700, ndipo mafakitale a ku England, monga Spode ndi Royal Crown Derby, anacita cimodzimodzi. Mbale ikhoza kukhala ya Imari m'maonekedwe koma isanakhudzepo nthaka ya Japan.

Kakiemon ndi yosiyana kwambiri. Dothi lake ndi loyera ngati mkaka, ndipo wojambula amasiya malo aakulu opanda kanthu, n'kuika kanthambi ka maluwa, zinziri ziwiri kapena nyalugwe pambali imodzi. Dzinali ndi la banja la Sakaida Kakiemon, limene mbiri imati linayamba kugwiritsa nchito utoto wa mitundu pamwamba pa mbale m'zaka za m'ma 1640, ndipo likuumbabe mu mbadwo wa 15. Mafumu a ku Ulaya anaikonda kotero kuti fakitale ya Meissen ku Germany, yokhazikitsidwa mu 1710, inaikopa mwacindunji.

Nabeshima sinali yogulitsa. Inali kuumbidwa m'cigwa ca Okawachi kuyambira ca m'ma 1675, pansi pa ulonda wa banja lolamulira dera limenelo, kuti ikhale mphatso kwa wolamulira dziko ndi akuluakulu ena. Mbale zake ziri ndi miyezo yokhazikika, monga masentimita pafupifupi 30, 21 ndi 15, ndipo zimakhala pa mkombero wautali umene nthawi zambiri umajambulidwa mizere yonga mano a cipeso. Dongosolo limeneli linatha mu 1871. Cofunika kucidziwa ndi cakuti Nabeshima yeniyeni ya nthawi imeneyo iribe cidindo, ndipo Kakiemon yakale yambiri iribenso. Mbale zimene ziri pamwamba pa zonse pa mtengo ndi zimene kunsi kwake sikunena dzina la munthu aliyense.

Kutani ndi ya dera la Ishikawa. Yakale kwambiri, ya utoto wobiriwira, wacikasu ndi wofiirira, ndi yosowa, ndipo akatswiri ambiri tsopano amakhulupirira kuti yambiri mwa iyo inaumbidwa ku Arita. Imene imapezeka m'nyumba za anthu ndi ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi pambuyo pake, yofiira ndi golide, yokhala ndi zilembo ziwiri zofiira kunsi zotanthauza zigwa zisanu ndi zinai.

Satsuma imasokoneza ambiri cifukwa si porcelain konse. Dothi lake ndi lofewerapo, la mtundu wa mnyanga wa njovu, lokhala ndi timing'alu tosaoneka bwino ponseponse, ndipo silola kuwala kudutsa. Ina, monga ya Yabu Meizan wa ku Osaka ndi yabwino ya Kinkozan wa ku Kyoto, inajambulidwa mosamala kwambiri ndipo ndi ya mtengo. Yocuruka inapangidwa mofulumira kuti igulidwe ndi alendo, ndipo yolembedwa Royal Satsuma m'zilembo za Cizungu ndi ya masiku ano.

Cigumula ca nthawi ya Meiji

Mbale zambiri zimene mabanja amalandira monga colowa si za nthawi ya VOC. Zinapangidwa kuyambira mu ulamuliro wa Meiji, wa 1868 mpaka 1912, pamene Japan anatsegula zitseko zake ndipo anafuna ndalama zakunja. Ziwiya zake zinachuka pa zionetsero za ku Paris mu 1867 ndi ku Vienna mu 1873, ndipo makampani anabadwa: Koransha ku Arita mu 1875, Fukagawa mu 1894, amene cizindikiro cake ndi phiri la Fuji, ndi kampani ya ku Nagoya ya mu 1904 imene dziko linadzaidziwa ndi dzina la Noritake. Kucokera pamenepo mbale zinatuluka zosawerengeka, ndipo m'zaka za m'ma 1900 zinafika m'masitolo a maiko ambiri, a mu Africa omwe.

Pa mbale za nyengo imeneyi mau a Cizungu amathandiza. Lamulo la misonkho la ku America la mu 1890, lochedwa McKinley Tariff, linafuna kuti katundu wolowa m'dzikolo azilembedwa dziko limene wacokera kuyambira mu 1891. A ku Japan anayamba kulemba Nippon, dzina limene amachulira dziko lao. Mu 1921 akuluakulu a kasitomu ku America anakana dzinali n'kulamula kuti pazilembedwa Japan. Mau akuti Made in Occupied Japan ndi a pakati pa 1947 ndi 1952, pamene dzikolo linali m'manja mwa asilikali a maiko amene anapambana nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Mbale zolembedwa kuti zinakongoletsedwa ku Hong Kong ndi za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo iriyonse imene ikuchula makina otsukira mbale kapena microwave ndi yatsopano ndithu.

Komabe malamulo amenewa anali a msika wa ku America. Mbale zopita ku Britain nthawi zina zinali kulembedwa Foreign basi, zina zinali ndi kapepala komatidwa kamene kanacoka pa kutsuka koyamba, ndipo zogulitsidwa mkati mwa Japan sizinafunikire mau a Cizungu. Kusowa kwa mau akuti Japan sikutsimikiza kuti mbale ndi ya 1891 isanafike. Ndiponso anthu atayamba kusonkhanitsa mbale za Nippon, zidindo zabodza za Nippon zinabuka kuyambira ca m'ma 1980, zomatidwa pa ziwiya zatsopano.

Zilembo zimene zimanama mwaulemu

Zidindo za zilembo za kum'mawa ndizo zimasoceretsa kwambiri. Amisiri a ku Arita anali ndi cizolowezi colemba kunsi kwa mbale dzina la mfumu ya ku China, makamaka Chenghua, amene analamulira kuyambira 1465 mpaka 1487. Sicinali cinyengo kwenikweni. Kunali kulemekeza nyengo imene inachuka ndi ziwiya zabwino, ndiponso kukometsa malonda. Koma mwini mbale amene wapeza munthu womuwerengera zilembozo amamva kuti mbale yake ndi ya ufumu wa Ming, ndipo amagona akulota, pamene mbaleyo inaumbidwa ku Japan zaka 200 kapena 400 mfumuyo itamwalira.

Cilembo cina cofala ndi fuku, cotanthauza mwai kapena dalitso, cimene cimalembedwa m'kabokosi. Si dzina la woumba, ndipo cagwiritsidwa nchito kuyambira m'zaka za m'ma 1600 mpaka lero. Mau akuti Dai Nippon, kutanthauza Japan Wamkulu, amaloza ku nthawi ya Meiji kapena pambuyo pake. Cizindikiro ca mtanda m'kati mwa mkombero, ca banja la Shimazu, cinaikidwa pa Satsuma yabwino ndi yoipa yomwe.

Cimene mbale yokha imanena

Umboni wolimba uli pa thupi la mbale. Dothi la ku Arita linali kulendewera pakati likamaochedwa, conco amisiri anali kucirikiza mbale ndi timisomali ta dothi. Pambuyo pake timisomalito tinali kuthyoledwa, n'kusiya timabala ting'onoting'ono tosalala pang'ono, titatu, tinai kapena tisanu, m'kati mwa mkombero wa pansi. Mbale za ku China za nthawi yomweyo kawirikawiri ziribe timabala timeneti, ndipo ici ndi cimodzi mwa zinthu zoyamba zimene katswiri amafufuza ndi cala. Koma mbale zazikulu za m'zaka za m'ma 1800 zirinso nato, ndiye timaloza ku Japan koposa kuloza ku caka.

Mkombero weniweniwo, umene ulibe utoto wonyezimira, umaonetsa dothi monga liri. Pa mbale yakale umakhala wosalala cifukwa ca kukhudzana ndi matebulo kwa zaka zambiri, ndipo nthawi zina pamalire pake pali kamzere kofiirira kocokera ku citsulo ca m'dothi. Litsiro lenileni la zaka limalowa mosiyanasiyana. Lopakidwa dala limaoneka lofanana ponseponse ndipo limacoka ndi nsalu yonyowa. Mbale yoyera mbee, yolingana bwino lomwe ngati yoyezedwa ndi makina, yopanda kadontho kakuda ngakhale kamodzi, nthawi zambiri ndi ya m'zaka za m'ma 1900.

Buluu nayenso ali ndi mbiri. Wakale ndi wofatsa, wopita ku imvi, wocindikala apa ndi wopyapyala apo monga mmene burashi inayendera. Ca m'ma 1870, nthawi imene katswiri wa ku Germany Gottfried Wagener anagwira nchito ku Arita, utoto wa cobalt wopangidwa m'mafakitale a ku Ulaya unayamba kufala. Unali wotsika mtengo ndi wowala kwambiri, ndipo mbale ya buluu wothobwa m'maso wotereyo singakhale ya nthawi ya VOC.

Galasi lokuzira zinthu limasiyanitsa dzanja ndi makina. Mzere wa burashi umayamba monenepa n'kutha mopyapyala, ndipo maluwa awiri pa mbale imodzi safanana ndendende. Cithunzi codinda ndi pepala lobooledwa, njira imene inafala m'ma 1870, cimapangidwa ndi timizere tatifupi toduka-duka. Codinda ndi mkuwa, ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 kupita mtsogolo, cimakhala ndi mizere yofanana makulidwe, ndipo pamene mapepala anakumana pamaoneka mpata kapena kusanjikizana. Ca masiku ano cimaoneka ngati timadontho ta cithunzi ca m'nyuzipepala. Mbale zambiri zolembedwa kuti zinajambulidwa ndi manja zinadindidwa kaye, kenaka wanchito anadzazamo utoto mofulumira.

Ciwerengero ca mbale cimanenanso kanthu. Ku Japan mbale zimagulitsidwa zisanu-zisanu, pamene zopangira Azungu zimakhala zisanu ndi imodzi kapena 12. Ngati mbalezo ziri m'bokosi la matabwa lolembedwa ndi inki, bokosilo lisatayidwe, pakuti mwina ndilo liri ndi dzina la woumba kapena caka.

Mtengo

Pa malonda a zinthu zakale, cinthu cimayamba kuwerengedwa cakale cikafika zaka 100. Koma ukalamba pa wokha sugula kanthu. Mbale yodindidwa ya mu 1900 yapitirira zaka zimenezo, komabe zinzake ziri zosawerengeka ndipo mtengo wake ndi wocepa. Zimene zimakweza mtengo ndi kusowa, luso la wojambula, ukulu, kukhala zonse pamodzi monga zinagulidwira, ndi kukhala zosaonongeka.

Kuonongeka kumadula mtengo kwambiri kuposa mmene eni ake amayembekezera. Kubenthuka pamlomo kumaoneka msanga, koma mng'alu wopyapyala ngati tsitsi umabisala. Mbale yabwino ikaikidwa pa nsonga za zala n'kugogodedwa pang'ono imalira ngati belu, pamene yong'aluka imamveka mogontha. Malo okonzedwa amamveka ofunda ndi ofewa powakhudza, ndipo pa nyali ya ultraviolet amawala mosiyana ndi mbali zina. Mbale zina zakale zinalumikizidwa ndi timawaya ta citsulo tobooledwera kumbuyo, ndipo zina ndi utomoni wa mtengo wosakaniza ndi golide, luso limene ku Japan amalicha kintsugi. Zonsezi zimatsitsa mtengo poyerekeza ndi mbale yamphumphu, ngakhale kuti kukonza kwakale kumacitira umboni kuti wina anaiona mbaleyo kukhala yoyenera kusungidwa.

Mbiri ya eni ake imalemera kwambiri ngati iri yolembedwa. Mbale za Augustus, mfumu ya ku Saxony imene inadzaza nyumba yacifumu ku Dresden ndi ziwiya za kum'mawa, zinazokotedwa manambala kunsi mogwirizana ndi kaundula amene anayamba mu 1721, ndipo mbale yokhala ndi nambala yoona yotere imaposa inzake yofanana nayo. Banja wamba liribe kaundula wa mfumu, koma lisiti, kalata, kapena cithunzi ca ukwati coonetsa mbalezo pa tebulo ndi umboni ndithu. Mau akuti agogo anati n'zakale kwambiri, ogula sawawerengera.

Palinso cisokonezo ca mitengo itatu. Mtengo wa inshuwalansi ndi wa kugulanso cinthu cofanana m'sitolo, ndipo ndiwo wapamwamba. Mtengo wa pa okushoni ndi wotsikirapo, ndipo pa iwo kampani imacotsa gawo lake. Mtengo umene wamalonda amapereka pamanja ndiwo wotsikitsitsa, pakuti iyenso afuna kupeza phindu. Mitengo imene imaoneka pa intaneti nthawi zambiri ndi yopempha cabe. Yofunika kuona ndi ya zinthu zimene zinagulidwadi, ndipo zikhale za posacedwa, cifukwa msika wa ziwiya za ku Japan unakwera kwambiri m'zaka za m'ma 1980 n'kutsika cuma ca dzikolo citagwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990. Mtengo wolembedwa m'buku lakale ukhoza kukhala kutali ndi wa lero.

Makampani aakulu a okushoni, monga Christie's, Sotheby's ndi Bonhams ku London, kapena Strauss & Co ku South Africa, amalandira zithunzi ndi kupereka maganizo oyamba. Zithunzi zofunika ndi za kumaso, za kumbuyo konse, za mkombero wa pansi, za cidindo capafupi ndi za malo alionse oonongeka, zojambulidwa pa kuwala kwa dzuwa, pamodzi ndi muyezo wa mbale m'masentimita. Woyesa mtengo amene akufunanso kugula mbaleyo ali mbali ziwiri za malonda, ndiye mau ake ayenera kuyerekezedwa ndi a munthu wina. Woyesa amene malipiro ake amakwera mtengo ukakwera alinso ndi cifukwa ca kukokomeza.

Banja lisanagawane

Kuno ku Zambia, lamulo la Intestate Succession Act la mu 1989 limapereka katundu wa m'nyumba wa munthu womwalira wopanda wilo kwa mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Mbale ziri m'gulu limenelo, conco wacibale amene wazinyamula mwakacetecete kupita nazo kwa wogula akugulitsa zimene si zake. Kugawana imodzi-imodzi kuti aliyense akhale ndi cikumbutso n'komveka, koma kumaphwasula gulu limene mtengo wake unali m'kukhala pamodzi, ndiye ndi bwino mtengo udziwike kaye.

Podikira yankho, mbale zimaonongeka kwambiri m'manja mwa anthu ofuna kuzithandiza. Mcenga, phulusa ndi waya wokwecera mapoto zimacotsa golide amene sangabwerenso. Mankhwala oyeretsera zobvala amalowa m'ming'alu ndi kudya dothi kucokera m'kati, ndipo guluu wa m'sitolo amabvuta kucotsa katswiri akafuna kukonza bwino. Madzi ofunda pang'ono, sopo wofewa ndi thaulo loyalidwa pansi pa beseni ndi zokwanira. Utoto wa mitundu wa pa mbale zakale umakhala ndi mtovu, motero sizoyenera kudyerapo, makamaka zakudya zowawasa. Posunga, pakati pa mbale ndi inzake paikidwe kansalu kapena pepala lofewa, pakuti mkombero wa mbale yapamwamba ndi wokhakhala ndipo umakanda maluwa a imene iri pansi pake.